Dzanja la aDontho

Pachipatala chaching'ono cha kuseri kwa depoti ya basi, azakhali anga ankadziwika ndi dzina loti aDontho. Dzinali analitola patebulo lawo la pakona, pomwe ankayeza anthu magazi. Ankabaya chala, kutapa magazi ndi kachubu kowonda ngati udzu, n'kudonthezera pakabowo ka kachipangizo koyezera malungo. M'kati mwake munali kapepala komwa magaziwo. Ukakamana, kankauma magazi asanafike patali, mzere osatuluka. Ukachulutsa, ankasefukira pakawindo kowerengera, ponse psuu, ndiye wodwala abayidwenso.

"Dontho limodzi basi," ankatero tsiku lonse. "Sitikuzinga mbuzi pano."

Dzanja lawo silinkaphonya. Azimayi ankalolera kukhala pabenchi mpaka msana kuuma, bola mwana abayidwe ndi aDontho. Sanakwatiwe, sanaberekenso, analera ine, mwana wa mchimwene wawo. Kunyumbanso zonse zinali za dontho limodzi: mchere, mafuta, ngakhale kuyamikira. Nditakhoza mayeso anangoti, "Chabwino," n'kupitiriza kusita gauni lawo loyera.

Kenaka dzanja lamanja linayamba kunjenjemera. Ndinayamba kuona ndine, supuni ikugogoda kapu m'mawa.

"Waona chiyani?" anandifunsa.

"Palibe, azakhali."

"Eya. Ukauza munthu, ine si azakhali ako."

Ankaopa kuchotsedwa ntchito, poti tebulo lija ndilo linali banja lawo. Anaphunzira kukanikiza chigongono patebulo ndi kugwira mpweya podontheza. Anasiya kumwa tiyi pagulu kuti anzawo asamve kapu ikulira. Koma tsiku lina anabwera kunyumba maso ali gwa, chakudya osachikhudza.

"Lero ndabaya khanda kawiri," anatero. "Ine amene."

Ndinawamvera chisoni, koma chisoni kwa aDontho chinali ngati kuwatukwana, ndiye ndinangochotsa mbale.

Patapita miyezi, anafika akumwetulira, atandigulira ndi chakumwa chozizira chomwe.

"Mwanawe, Mulungu sagona! Kwabwera tizipangizo tatsopano. Kachubu kaja kutaya. Kachipangizoko ungokagunditsa pachala, kayamwa kokha mlingo wake, kakakhuta kaleka. Ngakhale uzinjenjemera ngati chidakwa, sikasefukira!"

Anaseka mpaka misozi, inenso ndinaseka nawo, chitsiru ine. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwezi usanathe, mkulu wa chipatala anawaitanira mu ofesi.

"Mayi, mwatigwirira ntchito yotamandika," anatero. "Koma tsopano aliyense atha kuyeza. Kapumeni."

Za kunjenjemera sanatchule, poti sankadziwa n'komwe. Chimenechi ndicho chimandiwawa mpaka lero. Chigongono chinachita zipsera, tiyi ankamwera mobisala, kubisa chinthu chomwe panalibe amene ankachifufuza. Anzawo anawaombera m'manja, n'kuwapatsa wotchi yapakhoma yoti aziwerengera nthawi yokhala chabe. Patebulo paja anaikapo mayi wina amene kale ankaitana mayina a odwala pakhomo.

Gauni loyera lija ankalisitabe Lamulungu lililonse, n'kulibwezera m'kabati.

Chaka chatha anatentha thupi, ndipo ndinawatengera kuchipatala komweko. Tinakhala pabenchi ngati wina aliyense. Akale ambiri anali atachoka, ndipo palibe anawatchula dzina lija. Titafika patebulo, mayi woitana mayina uja anawalonjera mwaulemu, n'kuwabaya. Anafinya chala ngati akukama ng'ombe, magazi n'kuyenderera mpaka pachikhadabo.

"Dontho li..." anayamba azakhali.

"Musadandaule, amayi, kamadziwa kokha," anayankha mayiyo uku akuyang'ana pamzere wa odwala.

Azakhali anaweramira pakawindo kaja osaphethira. Ndinkaganiza kuti akuopa malungo. Kachipangizo kanamwa mlingo wake n'kuleka. Pakawindo panakhala poyera bwinobwino, kenaka panatuluka mzere umodzi wowongoka.

"Malungo mulibe, amayi. Wotsatira!"

Tinatuluka. Pageti anaima, atapanikiza thonje pachala, dzanja lonse likugwedezeka poyera, osalibisanso.

"Nkhani yabwinotu, azakhali," ndinatero. "Mulibe malungo."

Sanandiyang'ane. 

"Ndimadikira kuti kasefukire," anatero. "Ngakhale pang'ono pokha, mwanawe."