Pulasitala ya Pafoni

Zopita ku Joni ndinaziganiza ndili pa benchi ya chipatala cha maso, mwana wanga Taonga ali pamiyendo akudya chitumbuwa. Anali ndi zaka zinayi. Diso lake lakumanzere linkathawira kumphuno chibadwire, ndipo tsiku limenelo adokotala anatiuza kuti vuto si kupindika kokha, disolo ndi laulesi, silikuona bwino. Opaleshoni yoliwongola ilipo, koma liyambe ladzuka kaye. Njira yake inandidabwitsa: kumata pulasitala pa diso labwinolo, lakumanja, maola angapo tsiku lililonse, kuti laulesilo ligwire ntchito mokakamizidwa. Pakatha miyezi itatu tizibwera naye kudzapimitsa.

"Musachedwe nazo, mayi," anatero adokotala. "Mwana akakula, diso siliphunziranso kuona."

Ine ndinkagulitsa tomato ndi tinsomba ta kapenta pamsika wa ku Chawama, bambo a mwana atasowa kalekale. Phindu la kapenta lingagule magalasi, mapulasitala ndi mankhwala? Lenti yokha inkandigonetsa ndi njala. Mnzanga wina anandipezera ntchito ya m'nyumba ku Joni, yosamalira mayi wokalamba. Chondivuta chinali Taonga, koma panali Ba Esnart, mkulu wanga wa bere limodzi, amene anandilera amayi atamwalira. Tinkakhala mpanda umodzi. Ndinawaonetsa kamatidwe ka pulasitala kangapo konse, mpaka anaseka.

"Iwe yenda chabe," anatero. "Taonga ni mwana wanga. Kuchipatala nizayamba kumupeleka neka."

Ndinakwera basi mtima uli m'malo. Lero ndikakumbukira mtendere umene ndinali nawo pa ulendowo, ndimadziluma lilime.

Joni sinandikomere, ndisaname. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja, ndipo mu Juni kuzizira kwake kunkalowa m'mafupa. Mapepala anga okhalira m'dzikomo atatha, ndinkati ndikaona galimoto ya apolisi n'kukhotera njira ina. Mayi wokalambayo sanaligwire dzina langa mpaka pamapeto, ankangoitana ndi belu. Sabata inkatha osalankhula chinenero chathu ndi munthu. Malipiro akabwera ndinkasunga pang'ono za opaleshoni, zotsala zonse kutumiza kwa Ba Esnart, ine n'kumadya buledi ndi tiyi.

Chimene chinkandisunga ndi Lamlungu masana. Ndinkaimba foni ya vidiyo, Taonga n'kuonekera, pulasitala ili pa diso lakumanja mmene adokotala ananenera. Ankayandikiza nkhope pafoni mpaka mphuno kukhudza galasi, ine n'kumati akundisowa. Ba Esnart ankayankhira kumbuyo kuti, "Badokota bakamba ati diso iyenda bwino, tiyembekeze chabe pang'ono." Azimayi a mumpanda, ngakhale a kutchalitchi kwathu, ankasuzumira n'kundibayibitsa: "Mwana ali bwino, sebenza chabe!" Ndikadula foni ndinkalira, koma kulira kwa munthu amene akudziwa chimene akuvutikira.

Ndinkati ndikhala chaka chimodzi. Nthawi iliyonse ndikafunsa za tsiku la opaleshoni, yankho linali lomwelo, tiyembekeze. Zinakwana zaka zitatu. Mayi uja atamwalira ntchito inatha, ndinamanga zikwama n'kubwerera.

Anandilandira ndi nthungululu, nkhuku inafa. Taonga anali atatalika, mano akutsogolo atagweruka, akuchita nane manyazi. M'mawa mwake ndinamusambitsa ndekha, n'kutenga pulasitala m'bokosi. Mwana anaimirira bwinobwino, n'kundifunsa ngati akufunsa za nsapato:

"Mami, nivale ya pafoni olo ya masiku onse?"

Sindinamve. Ndinamuuza abwereze. Analoza diso lakumanja, nati iyi ndi ya pafoni, amavala Lamlungu ine ndikamaimba, foni ikaduka amachotsa. Kenako analoza lakumanzere, lodwalalo, nati iyi ndi ya masiku onse. Abale inu! Zaka zitatu diso lofunika kudzutsidwa linali lotsekedwa mumdima, ine ndikupukuta matako a mayi wa eni ake kuti lidzaone.

Ba Esnart ndinawapeza pampopi akutsuka mapoto. Sanakane ngakhale pang'ono, ndipo chimenecho chinandiwawa koposa.

"Iwe sunalipo," anatero osadzutsa mutu. "Nikavalika ku diso yabwino, mwana anali kulila, kugunda mu vipupa. Siku ina anagwela mu ngalande, mvula ili kugwa. Bantu banayamba kukamba ati nifuna kumupaya maso. Nikavalika ku yodwala anali kusewela bwino, na banzake banaleka kumuseka."

Ndinafunsa za kuchipatala. Anati anapitako kamodzi, anamwino anazindikira n'kuwakalipira ngati mwana pamaso pa anthu, ndiye sanabwerereko.

"Nanga osandiuza bwanji, Ba Esnart? Pakamwa munalibe?"

Apo ndi pamene anandiyang'ana. "Sembe unabwela. Manje ise sembe tinadya chani?"

Ndiye kuti ankaopa kuti ndikamva ndibwerera, ndalama n'kusiya kubwera. Ndinakhala pansi pamatope pomwepo. Azimayi amene ankandibayibitsa aja anayamba kulowa m'nyumba mmodzimmodzi, wina kusiya ndowa yake ikusefukira. Onse ankadziwa. Mwana ankasewera pakhomo pawo tsiku ndi tsiku pulasitala ili kolakwika, Lamlungu n'kumamuona akusinthidwa, koma panalibe ndi mmodzi yemwe woti n'kunditumizira mawu awiri. Amake Joe, amene tinkagulitsa limodzi pamsika, anadzandiuza pambuyo pake kuti sankafuna kuyambanitsa pachibale.

Kuchipatala adokotala anatseka diso lakumanja la Taonga n'kumuonetsa chithunzi chachikulu cha nyumba pakhoma. Mwana anapendeketsa mutu uku ndi uku, kenako anati, "Ni galu." Adokotala anavula magalasi awo. Sanandikalipire, bola akanatero. Anati kuliwongola aliwongola, lizioneka ngati la anzake. Za kuona, tiyesebe kumata, koma ndisayembekezere zambiri, nthawi yabwino inadutsa.

Ku Chawama ndinasamukako. Ndikuchita lenti chipinda chimodzi ku Mtendere, kumene palibe wondidziwa, ndipo ndapeza kuti kukhala pakati pa alendo sikundiopsanso. Ba Esnart atuma anthu kawiri kuti tikambirane. Sindinayankhe, ndipo sindikudziwa ngati ndidzayankha. Opaleshoni ili Lachinayi likubwerali. Anatiuza kuti asadye kanthu m'mawa mwake, ndamugulira thawulo latsopano ndi kadiresi kosavuta kuvula. Pulasitala ndimamata ndekha tsopano, kumanja. Amalira, amagunda mpando, amandipempha kuti ndichotse. Ndimamugwira dzanja mpaka nthawi ikwane.

Dzulo, nditamumata pulasitala, ndinaima pakhomo n'kutukula zala, ndikumufunsa kuti ndi zingati. Anayesa, analakwa. Anayesanso, analakwanso. Ndinatembenuka kuti asamve kuti ndikulira, koma anamva. Anabwera akupapasa khoma, n'kundikumbatira m'chiuno.

"Mami osalila," anatero. "Mukafunsa futi nizakamba ati naona. Ba Esnart bananiphunzisa."

Kwathu kumene ndinkakulirira ku Joni kuja, zimene anamuphunzitsa mwana wanga ndi zimenezo.