Mbali Imene Asikulu Anaima

Ndikawakumbukira asikulu anga a Daka, choyamba kundifika m'mphuno ndi fungo la ulimbo womatira machubu a njinga, losakanikirana ndi utsi wa makoko a mtedza amene ankanyeka pang'onopang'ono kuseri kwa khola m'miyezi yozizira. Ndimawaona atakhala pa kampando pansi pa mtengo wa mango, beseni la madzi lili pakati pa miyendo, akumiza chubu mbali ndi mbali kufunafuna pamene patuluke thovu, nkhuku zikupalasa pafupi ndi mapazi awo, wailesi ikukhosomola m'thumba la jekete lopachikidwa panthambi. Kwathu ku Nyalugwe agogo aamuna timati asikulu, aakazi timati ambuya. Asikulu anga anali aafupi, a maso akuthwa ndi pakamwa poyabwa. Munthu ukabwera ndi njinga yophulika unkachoka ndi njinga yabwino komanso dzina latsopano lachipongwe. Ine ankanditchula mkazi wawo wamng'ono, monga amasewerera agogo ndi adzukulu, ndipo ambuya akamva ankawagenda ndi chitsononkho n'kunena kuti titengane basi, aone ngati ndimadziwa kusinja.

Mudzi umenewo sunali wawo. Anabwera ali mnyamata kuchokera ku Kalindawalo kudzakwatira, namanga pa malo a akuchikazi, nalima thonje ndi chimanga m'munda wa apongozi mpaka tsitsi linayera. "Mlendo ni mame," ankatero akupopa tayala, "koma neo ndine mame ouma mutu. Dzuwa lanilephela." Ankalankhula zakwathu, kumene ine timati neo, iwe weo, tsopano lomba, mawa mailo, tinali tenze.

Ambuya anamwalira mvula ili kumapeto, ine ndili giledi 11 pa sukulu yogonera komweko ku Petauke. Chaka chomwecho aphunzitsi athu a Mwanza anali atayambitsa kagulu kophunzira kujambula zithunzi. Kamera inali imodzi, yaing'ono ngati sopo, ndipo tinkailandirana ngati khanda. Malamulo awo ndimawatchulabe pamtima: zigongono zigunde nthiti, gwira mpweya usanadine batani, dzuwa likhale kumbuyo kwako kapena cham'mbali, usadule munthu chipumi, ndipo uonetsetse kuti mtengo sukumera pamutu pake. Ndinayamba ndi mbuzi za kuseri kwa khitchini, zimene zinkatuluka zopanda michira, kenako anzanga, amene ankatuluka atatsinzina. Lachisanu masana tinkalowa m'chipinda cha makompyuta kukaphunzira kudula chithunzi, kuchiwalitsa, kufufuta zipsera ndi kuchotsa munthu pamalo ena n'kumuika pena. Zimenezi ndinazigwira msanga, ndipo sindibisa, mutu unakula.

Pa tchuthi cha mwezi wa Epulo inali nthawi yanga yopita ndi kamera kumudzi. Ndinapeza asikulu ataonda, beseni lili chafufumimba pansi pa mango. Akuluakulu anali atagwirizana kale kuti tikakolola, mu Ogasiti, kudzakhala kusudzula, mwambo womasula wamasiye. Tsiku limenelo abale a malemu amagawana katundu wake, ndipo mwamuna amaloledwa kubwerera kwawo. Palibe amene ankawathamangitsa. Amayi anga, a Belita, anawachonderera mpaka kulira kuti akhale, koma iwo anati adzukulu a mlongo wawo akuwaitana ku Kalindawalo, ndipo mkamwini amene mkazi wake wagona kumanda sayenera kudikira kuti achite kuuzidwa. Ankayenera kuchoka ndi njinga, khasu, zovala ndi bokosi la zitsulo zawo. Sutikesi ya ambuya ndi zonse za m'katimo zinali zopita kwa mng'ono wawo, ambuya a Felesiya.

Tsiku lina masana anandikodola kuti ndiwatsate kuseri kwa nkhokwe. Anatulutsa m'thumba reji ya ambuya, chitupa chija cha boma, yofiirira ndi ukalamba, m'makona mutaphwanyika. Pa iyo panali kachithunzi kakuda ndi koyera ka mtsikana wa tsitsi lalifupi, chidindo chitamudya phewa limodzi.

"Nabweleka chabe mu sutikesi," ananong'ona. "Enelesi, amayi ako akuti pa makina anu mukwanitsa kutenga munthu uku n'kumuika uku. Neo na ambuya ako tilibe chithunzi cha awili. Wojambula akabwela, wina ali kumunda, wina ali kumalilo. Tenze kukamba kuti mailo, mailo. Lomba nifuna utiike pamodzi, nipite naye."

Ndinawayankha modzitama kuti imeneyo ndi ntchito yochepa. Ndinaika reji pa mtondo wovundikira pamthunzi n'kuijambula kangapo pafupi kwambiri, kenako ndinawaimika asikulu pakhoma la nyumba dzuwa litapendeka, n'kuwajambula atavala malaya awo a kutchalitchi. Reji inabwerera mu sutikesi madzulo asanafike.

Teremu yonse yachiwiri ndinathera pa chithunzi chimenecho. Ndinachotsa timadontho pa nkhope ya ambuya kamodzikamodzi mpaka maso kuwawa. Chidindo chija chinandisowetsa mtendere, ndiye ndinapeza nzeru yoika asikulu mbali yomweyo, kumanja, kuti phewa lawo liphimbe poipapo. Nditawayang'ana awiriwo ndinaona kuti sakuyenerana, mtsikana ndi nkhalamba, choncho ndinawasita asikulu makwinya onse, ndinadetsa imvi, ndinadzaza masaya, ndipo kumbuyo kwawo ndinaikako maluwa ndi nyumba yosanja imene ndinaipeza m'kompyuta. Anzanga anaombera m'manja. A Mwanza anayang'ana nthawi yaitali n'kungoti dzanja langa ndi loyera, koma mwini wake ndi amene adzapereke malikisi. Anandithandiza kuchitsuka pa pepala lonyezimira, nandibwerekanso kamera pa tchuthi cha Ogasiti.

Ndinafika kumudzi Lolemba, kusudzula kuli Loweruka. Ndisanavule n'komwe nsapato ndinawapatsa asikulu envulopu, amayi ataima pambali. Anapukuta manja pa thalauza, anatulutsa chithunzi, nachitalikitsa ndi kuchiyandikitsa. Ine ndinkadikira kuyamikiridwa, mano ali pamtunda.

"Uyu mnyamata ni ndani," anafunsa, "wakhala na mkazi wanga?"

Amayi anaseka, koma iwo sanaseke. Ndinafotokoza kuti ndi iwo omwe, ndangowabwezera unyamata kuti afanane.

"Uyu sanalimepo. Uyu sanaike mwana m'manda, sanam'pelekepo mkazi ku chipatala pa njinga. Amene anakhala na amake Belita mpaka tsiku lothela ni uyu." Anadzimenya pachifuwa. "Nibwezele nkhope yanga. Na nyumba ya eni ake iyi uchotse, angatimange."

Manyazi anandigwira, koma anali asanathe. Analoza ndi chikhadabo chakuda ndi girisi. Anati ndione tsaya la ambuya: lowala ndi la kumanzere kwa chithunzi, pamene lawo lowala linali la kumanja. Anthu awiri okhala pa benchi limodzi sangawombedwe ndi madzuwa awiri, anatero, wina la m'mawa wina la madzulo. Miyezi itatu ndinayang'ana chithunzicho tsiku ndi tsiku osaona zimenezo, ndipo munthu amene sanagwirepo kamera anaziona asanakhale pansi.

Kenako mawu awo anatsika. "Ona maso ake. Ayang'ana kuti?"

Ndinayang'anitsitsa. Maso a mtsikana uja sanali pa wojambula. Anali atathawira pang'ono kumanzere, ndipo pakona ya mlomo panali kaphwete kobisika. Ine ndinali nditaika asikulu kumanja, moti ambuya ankaoneka ngati akuwafulatira n'kumasekerera munthu wina kunja kwa pepala.

"Tsiku lija ninam'nyamula neo pa njinga," anatero. "Tenze tangokwatilana. Anthu a boma anapachika nsalu yoyela pa khoma, m'mawamawa. Wojambula anakalipa kuti pa reji saseka. Lomba neo ninaima apa, pambali, nafufumitsa masaya monga chule. Anayesa kulimba, koma anacheuka. Amene ayang'ana apo ndine. Weo waniika kumene kunalibe munthu."

Amayi analowa m'nyumba mofulumira, chitenje chili kukamwa. Ine ndinalira pomwepo, chifukwa cha manyazi komanso chifukwa choti kwa nthawi yoyamba ndinawaona ambuya anga ali mtsikana wokondedwa. Asikulu anandisiya ndilire pang'ono, kenako anandigogoda pamutu ndi envulopu n'kunena kuti misozi sijambula, ndigone msanga, mawa kuli ntchito.

Lachiwiri tinadzuka dzuwa lisanakwere mitengo. Amayi ndi ambuya a Felesiya, amene sanauzidwe bwinobwino chimene tinkachita, anagwira nsalu yoyera ya pabedi uku ndi uku, mphepo ya Ogasiti ikuikoka. Ndinawatembenuza asikulu pang'onopang'ono mpaka kuwala kunagwera tsaya lomwe lija, chithunzi cha ambuya chili m'dzanja langa lamanzere kuti ndizifanizira. Ndinagunditsa zigongono kunthiti, ndinagwira mpweya. Koyamba anatsinzina, kachiwiri nsalu inawaphimba kumutu, kachitatu tambala anadutsa. Sanadandaule ngakhale kamodzi, munthu amene ankakalipira ngakhale pampu ikachedwa. Ndinawapempha kuti ayang'ane pang'ono kumene kudzakhale ambuya, ndipo nkhope imene anaonetsa pamenepo sindinaikonze chilichonse.

Kumudzi kunalibe kompyuta, choncho Lachitatu tinakwera lole ya thonje kupita ku Nyimba, titakhala pamwamba pa mabelo, fumbi likutilowa m'mano. Iwo anakana kutsala. Anati ntchito yawo inaonongeka koyamba chifukwa kapitawo kunalibe. Pa boma tinapeza kasitolo ka mayi wina wotayipa makalata ndi kutsuka zithunzi, amene atamva nkhani yathu anandipatsa mpando wake. Asikulu anakoka kabenchi n'kukhala pafupi nane, chipewa chili pabondo.

Ndinachotsa maluwa ndi nyumba ija, ndinasandutsa chithunzi chawo kukhala chakuda ndi choyera, n'kuwaika kumanzere. Tsopano chidindo chinali poyera, ndipo ndinayenera kuwaumbira ambuya phewa latsopano potengera linzake. Linatuluka lowongoka kwambiri.

"Tsitsa pang'ono," anatero asikulu. "Sanali msilikali."

Ndinatsitsa. Anandiuza kuti ndiwasendeze pafupi. Ndinasendeza. Anati ndionjezere.

"Asikulu, mugundana."

"Nanga ana asanu na awili tinatola pa msewu?"

Mayi wa sitolo uja anaseka mpaka kugwira khoma. Ndinasendezanso kufikira phewa lawo linakhudza la ambuya, ndipo maso a mtsikana uja anagwera ndendende pa nkhope ya nkhalamba yanga, yamakwinya, ya dzino limodzi losowa. Asikulu anasiya kulamula. Anatambasula chala kuti akhudze galasi la kompyuta, n'kuchibweza asanafike, kuopa kulidetsa. "Basi," anatero. "Usagwilenso."

Loweruka anthu anasonkhana pabwalo pathu kuyambira m'mawa. Akuluakulu analankhula, anawathokoza asikulu chifukwa chosunga mwana wawo, nawamasula. Ziwiya ndi nsalu zinagawidwa, ndipo sutikesi inaperekedwa kwa ambuya a Felesiya. Asikulu anaimirira, nawauza pamaso pa onse kuti reji ili m'katimo anaibwerekapo tsiku limodzi osapempha, ndiye ngati pali mlandu aweruzidwe asananyamuke. Atatero anatulutsa chithunzi m'jekete n'kuwapatsa.

Ambuya a Felesiya anali mayi wosagwetsa misozi wamba. Pa maliro a mkulu wawo ndi amene ankaletsa ena. Anachigwira ndi manja awiri, nayang'ana, nayang'ananso. "Alamu," anatero, "akali kukusekani mpaka lelo." Anatsegula sutikesi, natulutsa reji kuti awapatse, koma asikulu anakana. Anati imeneyo ndi ya kuchikazi, ndipo ikhale kuchikazi. Iwo chawo apeza. Anabweza chithunzi m'thumba la m'kati, anamanga bokosi la zitsulo pa keliyala, ndipo tinawaperekeza mpaka pamsewu pamene galimoto yopita ku Petauke inkadikira. Atakwera anandikuwira kuti ndisakwatiwe ndi munthu wosadziwa kumata chubu.

Anakhala zaka zinayi ku Kalindawalo. Ndinkapitako pa njinga ndikapeza mpata, ndipo chithunzicho ndinkachipeza pakhoma moyang'anana ndi bedi lawo. Alendo akafunsa kuti anajambulitsa liti, ankayankha kuti linali tsiku limodzi lokha, kungoti iwo anachedwa pang'ono kufika. Atamwalira, abale awo anachiika m'bokosi, pachifuwa pawo, monga anawalamulira.

Lero ndili ndi kasitudiyo kanga ku Petauke. Ndimajambula maukwati ndi ana omaliza sukulu, ndipo makina a masiku ano amatha kusalaza nkhope munthu usanaphethire. Koma pafupifupi mwezi uliwonse pamalowa wina atakulunga reji ya malemu mu kansalu, kupempha kuti ndimuike pamodzi ndi malemuwo. Sindiyatsa kompyuta msanga. Ndimamukhazika pansi, ndimatenga galasi lokulitsira, n'kumufunsa ngati akudziwa amene anali pafupi tsiku lojambulalo. Ambiri sadziwa, ndipo timangoyesetsa. Sabata yatha kunabwera bambo wina wa ku Luembe ndi reji ya amayi ake. Nditamufunsa anaseka n'kunena kuti iye anali asanabadwe, adziwa bwanji. Kenako anawerama pa galasi lija, anaona kamfundo ka nsalu yoberekera pansi pa khosi lawo, nawerengera zaka pa zala zake. Anakhala pansi bwinobwino n'kuvula chipewa. "Amai," anatero, "ninali kumsana."