Thonje Ndinagulitsa Ine, Chikoti Chinagwera Amuna Anga

Abale anga, izi si zakumva ayi, zinandichitikira ine mwini ku Kasisi nkhondo ya Ajeremani itangotha, ndipo ndikamazifotokoza mtima umawirabe mpaka lero.

Chaka chimenecho madzi a Shire anachedwa kuphwa, ndiye ife olima kudimba tinabzala thonje mochedwa. Nanga tikanabzala m'madzi? Pamene linkayera kuti mbuu, msika wa boma unali utatsekedwa kale, ndipo lamulo linkati thonje ligulitsidwe pamsikapo basi, kwa ogula okhala ndi chiphaso, lotsala lizulidwe n'kutenthedwa. Kutentha thukuta langa, ana akuyenda maliseche? Ine ayi! Atabwera munthu wina wa bwato wochokera kutsidya, ndinamupatsa madengu anga onse, iye n'kundisiyira mchere ndi nsalu. Amuna anga sanadziwe n'komwe, anali kumadambo kukaonjola mono.

Kaya anakatineneza ndani, Mulungu ndiye akumudziwa. Tinangoona amesenjala atulukira, osafunsa kanthu, n'kuwamanga bambowo chingwe m'khosi ngati mbuzi. Ndinawalondola mpaka ku boma, mwana kumbuyo.

Pabwalo mzungu woweruza anafunsa amuna anga kudzera mwa womasulira ngati mundawo unali wawo. Iwo, munthu wosadziwa bodza, anayankha kuti ndi mkamwini chabe, munda ndi wa kuchikazi, pa thonjelo alibe mawu. Kwathu kuno ngakhale mwana amazidziwa zimenezi! Koma mzungu uja anafiira maso, akuti mwamuna wanji wobisala kumbuyo kwa mkazi, akunyoza khoti, chilango chiwonjezeke. Ndinadzambatuka n'kukuwa kuti wagulitsa ndine, amange ine. Womasulira uja, mwana wa konkuno, woyamwa bere la Mmang'anja, anangondiyang'ana n'kuseka, mawu anga osawapereka. Galu ameneyo!

Amuna anga anawagoneka chafufumimba pamchenga wotentha, ine ndikuona. Chikoti cha chikopa cha mvuu, anthuni, muzingochimva kwa ena. Chikatera, khungu linkangoti ng'aa, magazi n'kumathothokera pa mapazi a wokwapulayo. Sanalire bambo aja, ankangoluma mchenga, wolira ndinali ine ndi mwana. Atatha anawakhwekhwerezera kundende, msana uli nyama yokhayokha.

Ndinkawapititsira ufa ndi nsomba zouma, osaloledwa kuwaona. Tsiku lina mlonda anandibwezera mtolo wanga, akuti ndipite nawo, mwini wake mabala anamuolera ndipo akaidi anzake anamukwirira kale. Nditafunsa manda, anati sakukumbuka pamene anakumba.

Ena amati lamulolo linali labwino, linkateteza thonje ku mbozi. Zawo zimenezo. Ine ndimakhulupirira kuti khoti loweruza anthu lisakudziwa ngakhale mmene amakwatirirana ndi lopha basi, ndipo sindidzawakhululukira. Inu ana a masiku ano, mlandu ukakugwerani musadalire pakamwa pa munthu wina, kuwani mpaka woweruzayo afunse yekha chimene mukunena. Anzathu akamapita kukasesa manda a abale awo, ana anga amandifunsa kuti ife tikasese kuti.