A Sitima Akazinga Tiyi wa ku Japani

A Sitima a m'munsi mwa Michesi anathyola tiyi ku Mulanje zaka makumi awiri, mpaka msana unapindika ngati chikwakwa. Atatopa nazo, analowa ntchito yophika ndi kusesa m'nyumba za aphunzitsi pa sekondale ya mishoni. Pa nkhani ya tiyi, bambowa sankafuna wowatsutsa. Tiyi weniweni, ankatero, ndi wofiira, wamkaka, shuga masupuni asanu. Kupereŵeza pamenepo ndiye kuti mlendo mwamutukwana.

Chaka cha chisankho chachiwiri cha matipate, pasukulupo panafika mphunzitsi wa masamu wochokera ku Japani, mtsikana wochepa thupi, dzina lake Haruko. Tsiku lina anaitana a Sitima kuti akalawe tiyi wakwawo. Anapita atavala jekete.

Koma abale inu! Mpando panalibe. Mtsikanayo anagwada pamphasa, n'kutapa ufa wobiriwira m'kachitini, n'kuutakasa m'madzi otentha ndi katsache kansungwi mpaka thovu. Kapu yake inali yopanda chogwirira, ndipo anaitembenuza kawiri asanaipereke. A Sitima anaponya maso uku ndi uku kufuna shuga. Ayi ndithu. Anameza chowawacho, nathokoza mwaulemu.

"Felista," anauza akazi awo atafika kunyumba, "mwana wa eni uja akuvutika. Akumwa tiyi wosapsa! Masamba amene aja sanaponde n'komwe m'fakitale. Akabwerera kwawo akanena kuti anthu a ku Phalombe ndi ouma mtima, ine Sitima ndilipo."

"Musiyeni, n'zakwawo zimenezo," anatero a Felista.

Koma munthu wa zaka makumi awiri m'tiyi angamve zimenezo? Loweruka, Haruko atapita kumsika, a Sitima, akusesa m'nyumba mwake, anatenga kachitini kaja, n'kukhuthulira ufa wonse m'phale, n'kuukazinga mpaka wofiira. Anathiramonso shuga wawo, n'kukhala pakhonde kudikira kuyamikiridwa.

Haruko atatsegula kachitiniko anangokhala pansi, misozi mbwe mbwe mbwe. M'Chichewa chake chothyokathyoka anati, "Abambo, uyu ananditumizira amayi anga. Ndikawasowa, ndimamwa. Wina ndilibe."

A Sitima anachita manyazi amene sanawachitepo chibadwire. Iwo amene ankaopa kuti mlendo atukwanidwa, ndi amene anamuliza.

M'mawa mwake anapalasa njinga mpaka ku Mulanje, kwa a Jonasi, kapitawo wawo wakale. Anapempha nsonga zanthete zokhazokha, masamba awiri ndi kamphukira. Atafika nawo kunyumba, a Felista, akung'ung'udza nthawi yonseyo, anawafutsa ngati nkhwani, kuwayanika, kuwasinja, kuwasefa. Ufa unatuluka wobiriwira ndithu. Vuto linali limodzi: mumtondomo munali mutangochoka nsinjiro.

Lachinayi a Sitima anakagwada okha pamphasa ya Haruko, mawondo akulira kweche kweche. Anatakasa ufawo ndi katsache kaja, n'kutembenuza kapu kanayi, kuti ulemu usapereŵere. Haruko anamwa.

"Ukukoma?" anafunsa a Sitima, mtima uli m'mwamba.

"Ayi, abambo. Ukununkha mtedza. Woipa kwambiri!"

Haruko anaseka mpaka misozi, koma anamwa theka lonse osasiya, n'kuwapatsira wotsalawo ndi manja awiri. A Sitima anaumaliza wopanda shuga, ndipo a Felista amalumbira kuti aka kanali komaliza bambowo kumwa tiyi wopanda shuga.

Haruko pobwerera kwawo anawasiyira kapu yopanda chogwirira ija. Amamweramo tiyi wawo wofiira yemwe uja, masupuni asanu osachotsera, ataitembenuza kawiri. Koma mlendo akafika pakhomo pawo, amayamba agwira supuni m'malere, shuga ali tho, n'kufunsa motsitsa mawu: "Kodi kwanu amayi anu amakupangirani bwanji?"