Thumba Lachikopa la Bwana Morris

A Alufeyo a ku Likhubula anabadwira kusenza. Makolo awo anachoka kwa Apwitikizi mitolo ili pamutu, ndipo iwo unyamata wonse anauthera kutsitsa matabwa a mkungudza m'phiri, mpaka tsitsi la paliwombo linayoyoka nthawi yake isanakwane. Mawondo atayamba kudandaula, anapeza ntchito imene ankaitcha yaulemu: kunyamulira Bwana Morris, mkulu wa esiteti ya tiyi, thumba la ndodo za gofu.

Thumbalo ankalisenza pamutu, pankhata, ngati thabwa. Anzawo ankakoleka awo paphewa n'kumawaseka, koma iwo analibe nazo ntchito. Kutchalitchi ankayenda monyang'wa, poti m'mudzi monse ndi iwo okha amene mzungu ankawafunsa kumene mphepo ikulowera. Kunena zoona, anali munthu wabwino ndithu, bola usayamikire wina iwo ali pomwepo.

Vuto analibweretsa okha. Mu 1954 mlongo wawo anawadandaulira kuti mwana wake Wyson, bambo wapabanja kale, akungokhala. A Alufeyo anapita naye kukalabu kuti azinyamulira alendo. Koma Wyson anali atalawako sukulu ya mishoni. Ankati akaponya mawu awiri a Chingerezi, Bwana Morris n'kuseka mpaka kugwira m'mimba. A Alufeyo, amene anasenza thumbalo zaka zambiri osamuseketsapo mzunguyo, mtima unkawawa ngati athira tsabola pachilonda.

"Mwana uja akufuna thumba langa," ankatero kwa akazi awo, a Esteri.

"Abambo a Dyna, uja ndi mwana wa mlongo wanu. Akulandeni bwanji?"

"Iwe sukudziwa. Njoka imalowera pakhomo pomwe watsegula wekha."

Tsiku lina Bwana Morris anabwera ndi matumba awiri ochokera kusitolo ku Limbe, oti ayese asankhepo limodzi. Lina linali la nsalu ya lona, la zitsulo zomenyera mpira zochepa, zowonda. Linalo linali lachikopa, lalikulu, lodzaza zitsulo za mitu yonenepa, lokhala ndi malo a nsapato ndi ambulera omwe. Anamenya ndi izi, anamenya ndi izo, mpira n'kumapita chimodzimodzi, poti kunena mosabisa mkuluyo gofu ankangomukonda, sankamutha. Atatopa, anatembenuka nafunsa Wyson poyamba.

Poyamba! A Alufeyo ali pomwepo!

Wyson ananyamula thumba lililonse, n'kuyang'ana amalume ake mwakabisira. "Zopepukazi, bwana. N'zabwino kwambiri."

"Nanga iwe, Alufeyo?"

Chikhala kuti Wyson anayamikira zolemera, a Alufeyo akanafera zopepuka. "Chikomekome cha mkuyu icho, bwana, m'kati muli nyerere. Tizitsulo ito n'ta a dona. Mwamuna ngati inu mutenge izi, mpira uzimva kuti wamenyedwa."

Bwana Morris anafufuma. Anawasisita paphewa a Alufeyo, natenga lachikopa. Madzulo amenewo a Alufeyo anafika kunyumba akuimba, n'kuuza a Esteri kuti kamnyamata kaja akaonetsa malo ake. Sanaganizeko n'komwe kuti kusankha asankha bwana, koma kusenza asenza ndani.

Mwezi woyamba analimba mtima. Wachiwiri khosi linayamba kulira ngati chitseko chakale, a Esteri n'kumawathowa ndi madzi otentha. Wyson anawapempha kuti azisinthana pokwera mtunda, iwo anamukalipira kuti asakhudze ngakhale lamba wake. Kenako kunabwera dzuwa la Okutobala. Pachitunda cha kumapeto kwa bwalo, alendo a bwana akuona, khosi lija linangoti gwa, maso n'kuchita mdima. Anagwa chafufumimba, zitsulo zija n'kumwazikana pa udzu.

Bwana Morris sanali wankhanza. Anawatumiza kuchipatala pagalimoto yake, ndipo atachira anawapatsa chikwakwa kuti azitchetcha m'mphepete mwa bwalo. Thumba anapatsa Wyson.

Ndiye kuti Loweruka lililonse a Alufeyo ankaliona thumba lawo likudutsa paphewa la mwana wa mlongo wawo, chikopa chikunyezimira, mzungu akuseka. Nsanje inawadya kuposa khosi. Tsiku lina Wyson atatsalira m'mbuyo kufuna mpira m'tchire, a Alufeyo anamulankhula osamuyang'ana, poti khosi silinkatembenukanso.

"Wakondwa tsopano? Si ndi zimene unkafuna?"

Wyson anatsitsa thumba lija, n'kupukuta thukuta. Paphewa pake panali patatupa kale.

"Amalume, ine za zitsulo ndidziwa chiyani? Tsiku lija ndinayamikira zopepuka poganizira khosi lanu."

Bwana anaitana chapatali. Wyson anakoleka thumba nathamanga. A Alufeyo anatsala chiimire, chikwakwa chili m'manja, akufunafuna mumtima mwawo munthu woti amukwiyire.