Thonje la alamu anga linatha ndi fankishoni imene ndinalemba

Inu owerenga, ine ndinawonongetsa thonje la alimi a kwa Kalembo ndili pa mpando mu ofesi, ndipo mkwiyo wake sunandichokebe.

Inali nthawi ya chipani chimodzi. Ndinkagwira ntchito ku bungwe lina lothandiza alimi a thonje ku Balaka. Kutabwera kompyuta, ndinaphunzira chilankhulo cha BASIC, ndipo chimene chinandisangalatsa kwambiri chinali fankishoni. Ndi kachigawo ka pulogalamu kamene umakalemba kamodzi n'kukapatsa dzina. Ukakapatsa nambala, kamawerengera n'kukubwezera yankho, ndipo ungakaitane paliponse osalembanso.

Yanga inkalandira kukula kwa munda m'mahekitala, n'kubweza mlingo wa mankhwala ophera mbozi. Alangizi ankapita ndi mlingowo kwa alimi. Chimene sindinachite n'kulemba pamwamba pake kuti imalandira mahekitala. Ndinkati ndikudziwa ndekha.

Kenako anatibweretsera a Mbwana, mphwake wa mkulu wina wa chipani. Iwo ankalemba lipoti la minda ya ku Phalula, imene inayezedwa m'maekala. M'malo molemba fankishoni yawo, anatsegula yanga n'kuisintha kuti nambala iliyonse iziitenga ngati maekala. Sanandiuze. Ekala ndi yaing'ono, siifika ngakhale theka la hekitala. Ine ndinapitiriza kuipatsa mahekitala, iyo n'kumabweza mankhwala osafika theka.

Alimi anapopera monga anauzidwa. Mbozi zinadya osaopa chilichonse.

Alamu anga, Che Amidu, anali atasiya kuyeza mankhwala ndi chitsekerero cha botolo chifukwa ine ndinawakakamiza. Anabwera ku ofesi pa njinga, n'kuika nthambi ya thonje yobooka zibalobalo pa tebulo langa.

“Alamu, makina anu aja amadya thonje kapena?”

Ndinafufuza mpaka ndinapeza mzere wosinthidwawo. Nditawafunsa a Mbwana, anaseka.

“Iyayi achimwene, panalembedwa pati kuti tisakhudze?”

Mkulu wa ofesi yathu anandiitanira pambali, nati nkhaniyi ithere pomwepo. Masiku amenewo munthu sunkalimbana ndi mphwake wa munthu wotero. Alimi anauzidwa kuti mbozi za chaka chimenecho zinali zolimba. Bodzali linanenedwa ine ndili pomwepo. Chaka chimenecho mlongo wanga, mkazi wa Che Amidu, ndi ana ake anapita kukagwira ganyu m'minda ya ena.

Inu amene mukuphunzira zimenezi, lembani pamwamba pa fankishoni iliyonse chimene imalandira ndi chimene imabweza. Imene ena akuigwiritsa ntchito musaisinthe mwakachetechete. Lembani yanu, muiitane yakaleyo m'kati mwake. Ndipo yankho lisanapite kwa anthu, iyeseni ndi munda umene mlingo wake mukuudziwa kale pamtima.

Che Amidu sanandikalipirepo. Anangobwerera ku chitsekerero chawo, ndipo mpaka lero ndikawapeza akusakaniza mankhwala, amanditembenuzira msana kuti ndisaone.