Zibakera zimene achimwene sanaponye

Anthu akandifunsa kuti mzimayi ngati ine ndinayamba bwanji kulemba mbiri za anthu amasewera, amayembekeza kuti ndinena kuti ndinkakonda mpira. Mpira wake uti? Ine ndinayambira pamaliro, ndipo ndinayamba ndi ukali.

Achimwene anga anali ankhonya. Loweruka ankamenyana m'maholo a ku Old Town, masiku enawo ankasenza katundu wa anthu pa Msika wa Tsoka kuti adyetse kamwana kawo kakakazi, poti mayi ake anali atamwalira. Ndinapita kukaonerera kamodzi kokha. Mnzawo amene ankamenyana nayeyo anawang'amba chikope, magazi n'kumatsikira m'kamwa, iwo n'kumangolavula akupitabe kutsogolo. Kenaka anamutsitsira chibakera cha m'nthiti, munthu n'kugwa ngati thumba la makala. Ine ndinakasanza panja. Atatuluka anandiseka kuti mlongo wawo wa ku ofesi ali ndi mtima wa nkhuku.

Anali ndi chizolowezi chimene msika wonse unkachidziwa. Akasenza katundu sankayenda, ankathamanga naye mpaka pagalimoto ya mwini wake. Ankati nthawi yolimbitsa thupi padera alibe, ndiye miyendo ankailimbitsira pantchito pomwepo. Azimayi a kaunjika ankangowapatsa njira akuseka.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wa ku Area 11, wongosamukira kumene mu Lilongwe. Anagula belo la zovala n'kuwalozera achimwene pamene anaimika galimoto. Achimwene anangoti belo pamutu, liwiro. Mayiyo ataona katundu wake akuzimirira m'chigulu cha anthu, anakuwa kuti wakuba.

Amene mukuidziwa Lilongwe mukudziwa chimene mawu amenewo amachita. Owadziwa achimwene anali atatsala kumbuyo. Kumsewu kunali oitanira minibasi ndi anthu ongodutsa. Wina anawatchera mwendo. Panabwera njerwa, matabwa, mpaka chitsulo chomasulira matayala. Mayi wina wogulitsa nthochi, yemwe anaona zonse, anandiuza kuti achimwene anadzuka magazi ali chuchuchu, ndipo mpata wogwetsa awiri atatu n'kuthawa unalipo. Koma manja anawapinda kumbuyo, akungoti afunseni eni katundu. Aphunzitsi awo a nkhonya anali atawalumbiritsa kalekale kuti chibakera cha wankhonya sichimenya munthu wamba. Pamene anzawo apamsika ankafika akukuwa kuti ameneyo ndi mnzathu, n'kuti mutu utaphwanyika kale. Uthenga unandipeza ndili pantchito ku City Centre.

Maliro tinakaika kumudzi. Kwathu bokosi lisananyamulidwe, munthu mmodzi amaimirira n'kunena mbiri ya malemu. Amalume ndi akulu a mpingo anagwirizana kuti ikhale yaifupi: anabadwa, anabatizidwa, ankachita geni m'tauni, amwalira pangozi. Za nkhonya ayi, ati mpingo sukondwera nazo, komanso anthu adzati ndewuyo anaiputa okha. Chonsecho manong'onong'o anali atatiyambira kale kufika, akuti aphedwa akuba. Ndinamva ndi makutu angawa azimayi kuseri kwa nyumba akunena kuti kamwanako kasauka, bambo ake anali mbava. Mtima wanga unawira. Mwana ameneyu akule ndi dzina loti mwana wa mbava chifukwa choti akuluakulu akuopa pakamwa?

Mbiri kwathu sanena mzimayi. Koma amalume atangomaliza timawu tawo tija, ndinadzuka pakati pa azimayi, chitenje ndikumangira m'njira.

"Khala pansi iwe, usatichititse manyazi," anatero amalume.

"Manyazi ake ati, amalume? Munthu wafa manja ali kumbuyo, inu mukufuna mumukwirire ngati mbava?"

Ndinanena zonse. Ndinanena za chikope chija, za kuthamanga ndi katundu, za belo, za njerwa. Ndinati munthu uyu akanafuna akanathyola nsagwada za anthu pamsewu paja, koma anasunga lumbiro. Kamwana kaja ndinali nditakagwira padzanja kuti kamve bwinobwino. Abusa anaweramitsa mutu, ndipo palibe anandiletsanso. Lero mwanayo ndi wamkulu, ndipo akamufunsa za bambo ake amayankha mosazengereza kuti anali ankhonya.

Titachoka kumanda anandipeza bambo wina wachikulire, wa mphuno yophwatalala, yemwe sindinkamudziwa. Anali aphunzitsi aja. Ankalira poyera, misozi osaipukuta. Anati anyamata awo ambiri apita chonchi, mbiri yawo n'kuthera m'mawu awiri pamaliro, ndiye zimene ndanenazo ndikazilembe, ndikatha ndipite kwawo akandiuze za enawo.

"Koma mukalembenso kuti amene anamuphunzitsa kupinda manja ndine," anatero. "Akanaponya chibakera chimodzi chokha, bwenzi lero ali moyo."

Ndinalemba zimenezonso, ndipo ndi tsamba limene mpaka lero sinditha kuliwerenga mokweza.